ECG ziwiri zandisowetsa tulo: agogo a pulse 36 ndi mayi woyembekezera wobanika

CO (clinical officer) wachinyamata analembera anzake azachipatala:

Akuluakulu, ndibwerekeni maso. Ndili pa chipatala cha boma chomwe chili ndi makina a ECG (ojambula kagundidwe ka mtima papepala) amodzi okha, aja amasindikiza maganizo awo pamwamba pa pepala, ndipo dokotala wa mtima ali kutali. Chithunzi cha pa foni sichikuonetsa bwino timabokosi ta pa pepalalo, choncho ndingolemba zomwe ndawerenga.

Oyamba ndi agogo aamuna a zaka 71, alimi a fodya. Ana awo abwera nawo atagwa kawiri sabata ino, koyamba kudimba akuthirira, kachiwiri m'tchalitchi atakhala pa benchi bwinobwino. Akuti amangoti khwefu, osayankha kwa kanthawi kochepa, kenako n'kutsitsimuka n'kumafunsa kuti anthu mwandizungulira bwanji. Sanadzilume lilime, sanadzikodzere. Kumudzi ena akuti ndi khunyu, ena akuti shuga, koma shuga ndayeza ali 6.1. Pulse 36, yosadumpha, BP 172/68. Amamwa mankhwala a BP, HCTZ 25 ndi atenolol 50, a ku NCD clinic, kiliniki ya matenda osapatsirana.

Makina alemba second degree AV block (mauthenga ena a zipinda zam'mwamba za mtima sakufika kuzam'munsi), LBBB (kutsekeka kwa nthambi ya kumanzere yonyamula uthengawo) ndi LVH (kukhuthala kwa chipinda cham'munsi cha kumanzere). Ine ndawerenga motere (P ndi chizindikiro cha kugunda kwa zipinda zam'mwamba, QRS yokhala ndi nsonga yake R ndi cha zam'munsi, PR ndi mtunda wochokera pa P kufika pa QRS): P mpaka P timabokosi ting'onoting'ono 18, R mpaka R timabokosi 41 paliponse, QRS yotakata pafupifupi timabokosi 4. PR ikunka nitalika: 4, kenako 9, kenako 14, kenako P sindikuiona bwino, n'kuyambiranso mwachidule. Kutalikatalikako n'komwe kwandipangitsa kuganiza za Wenckebach, ndipo ndikudziwa kuti Wenckebach nthawi zambiri siyoopsa. S, nsonga yotsika ya QRS, mu V1 ndi 24 mm, R ya mu V6 ndi 17 mm, zonse pamodzi 41, kupitirira 35 mm, muyeso uja wa LVH (V1, V6, lead II ndi inzake ndi mizere ya ECG, uliwonse ukuona mtima kumbali yake). Ndingosiyitsa atenolol n'kuwauza abwerenso sabata yamawa?

Wachiwiri ndi mayi wa zaka 24, mimba yachiwiri, masabata 29. Akubanika akangoyenda pang'ono, usiku amatsokomola ndipo amagona chokhala. Kwina anapatsidwa salbutamol ndi amoxicillin, sizinasinthe. Pulse 112, BP 104/66, Hb 10.4. P ya mu lead II ndi yotakata, timabokosi 3 ndi theka, yokhala ndi nsonga ziwiri. Mu V1, P imakwera pang'ono kenako n'kutsika kwambiri pansi pa mzere. R ya mu V1 ndi 8 mm, yaitali kuposa S. QRS siyotakata, mu lead I yaloza pansi, mu aVF yaloza m'mwamba. Makina akuti mwina posterior infarct, heart attack ya kumbuyo kwa mtima. Pa zaka 24? Kapena mimba yokha ingasunthe mtima mpaka kuoneka chonchi?

Mdala wa ku medical ward anayankha:

Achimwene, agogowo asatuluke pa geti. Ndiyambe ndi mawu amenewo, mwina muwerenga mzere woyamba wokha n'kuthamangira ku OPD.

Yankho mwalilemba kale nokha. Mwati R mpaka R ndi 41 paliponse, ndipo pamkono pulse sikudumpha. Wenckebach siyenda choncho. Mu Wenckebach uthenga wochokera m'zipinda zam'mwamba umanka nuchedwa kudutsa pa AV node, kamfundo kolumikiza zam'mwamba ndi zam'munsi, mpaka umodzi ulephereratu, ndipo pamenepo QRS imasowa. Pakasowa QRS pamatsala mpata. Ndiye kugunda kumabwera m'magulumagulu, kutatu kenako mpata, kutatu kenako mpata, ndipo chala chanu pamkono chimaumva mpatawo. Koma QRS zikamabwera motalikirana mofanana ndendende pomwe PR ikusintha pa kugunda kulikonse, ndiye kuti palibe P ngakhale imodzi yomwe ikulamula QRS. Imeneyo ndi complete heart block.

Chomwe chakunyengani ndi masamu chabe. Mu 41 muli ma 18 awiri, n'kutsala 5. Ndiye QRS iliyonse igwa timabokosi 5 patsogolo poyerekeza ndi P yomwe yaitsogolera: 4, 9, 14, kenako 19, koma 19 yapitirira 18, ndiye P ina yafika kale n'kudzigundika pa QRS, pomwe mukuti simukuiona paja. Zaoneka ngati PR ikutalika mwadongosolo, pamene zangochitika mwangozi kuti manambala awiriwo agwirizana motero. Makina nawonso agwa m'mbuna yomweyo.

Mukudziwa amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, wina akatsitsa munsi mnzake amakweza, ndipo wina akachedwa mnzake amamudikira. Umo ndi mmene P ndi QRS zimayendera pa munthu wabwinobwino. Kwa agogowo aliyense watenga mtondo wake. Wam'mwamba akusinja ka 83 pa mphindi, wam'munsi ka 36 kapena 37. Gawani 1500, timabokosi ta mphindi imodzi, ndi 18, kenako ndi 41, muona.

Kuti mutsimikize, sindikizani lead II yokha, yaitali, osati ya masekondi ochepa ija. Tengani kapepala kalikonse, ikani m'mphepete mwake pa nsonga za P ziwiri zoyandikana, lembani timadontho, n'kumakasuntha. Pomwe kadontho kagwera pa T, kachitunda kotsatira QRS, yang'anitsitsani T imeneyo, muipeza ili ndi kachotupa kapena yosongoka mosiyana ndi zinzake. Ndi P yobisala. Mukaziwerenga zonse muona kuti P zikuyenda ulendo wawo osaphonya, kudutsa mu T, kudutsa mu QRS, osalabada.

Popeza mwatchula second degree, ndiikepo zonse kuti tisadzabwererenso. PR yabwino ndi timabokosi 3 mpaka 5, kutanthauza masekondi 0.12 mpaka 0.20, pepala likamayenda 25 mm pa sekondi. Ikapitirira 5 koma P iliyonse ili ndi QRS yake, ndi first degree, ndipo yokhayo sigwetsa munthu. Wenckebach, yomwe ndi Mobitz I, ndafotokoza kale. Vuto limakhala pa node penipeni, QRS nthawi zambiri imakhala yopyapyala, ndipo timaiona ngakhale pa anyamata a mpira akagona tulo. Mobitz II ndi ina: PR siisintha, kenako mwadzidzidzi P imodzi imangokhala yopanda QRS. Pamenepo nthenda ili m'munsi mwa node, m'mawaya a His ndi nthambi zake, ndipo imatha kusanduka complete block popanda chenjezo. Ineyo Mobitz II ndimaiopa mofanana ndi complete. Ikakhala 2:1, P ziwiri pa QRS imodzi nthawi zonse, simungadziwe ngati ndi I kapena II chifukwa palibe PR ziwiri zotsatizana zoti muyerekeze. Muzingoona QRS: ikakhala yotakata, itengeni ngati yoopsayo.

Tsopano za LBBB ndi LVH zomwe makina alemba. Zifufuteni m'maganizo. Bundle branch block timaitchula uthenga ukamachokera m'mwamba n'kupeza nthambi imodzi yatsekeka. Ikatsekeka ya kumanja, QRS imafika timabokosi 3 kapena kupitirira, mu V1 mumaoneka nsonga ziwiri, yachiwiri yaitali, ndipo S ya mu lead I ndi V6 imakhala yotakata yokhwekhwereza. Ikatsekeka ya kumanzere, V1 imakumba dzenje lakuya lotakata, ndipo lead I, aVL ndi V6 zimakhala ndi R yotakata, kawirikawiri yogawika pamwamba. Koma kwa agogowo palibe chochokera m'mwamba. Kachigawo kena ka m'zipinda zam'munsi kadzitengera udindo woyambitsa kugunda, ndipo popeza kakuoneka ngati LBBB, kayenera kuti kali mbali ya kumanja, uthenga n'kumafika kumanzere mochedwa kudzera m'minofu. QRS yobadwa motero imakhala yaikulu mwachibadwa, choncho 41 mm mwapezayo sikutiuza kanthu za kukhuthala kwa mtima. Mwina LVH alinayodi, ndi munthu wa BP, koma ECG iyi singatiuze.

Chomwe kutakatako kukutiuza n'choopsa kuposa LVH. Kugunda kopulumutsa kukachokera pafupi ndi node, QRS imakhala yopyapyala, pa 40 mpaka 60, ndipo kumadalirika pang'ono. Kukachokera m'munsi kumakhala kotakata, pa 20 mpaka 40, ndipo kumatha kungoima kwa masekondi angapo. Kugwa kwa pa benchi kuja n'kumeneko. Madokotala awiri a ku Dublin, Robert Adams mu 1827 ndi William Stokes mu 1846, anafotokoza anthu a pulse yochedwa ogwa motere kusanabwere ECG. Wenckebach mwiniwake, dokotala wa ku Netherlands, anatulukira dongosolo lakelo mu 1899 pounika kagundidwe ka mitsempha basi, ndipo Mobitz anadzazigawa m'mitundu iwiri mu 1924. Ndiye nanunso bwererani pa bedi: atsamiritseni agogowo, yang'anani mtsempha wa m'khosi. Nthawi ndi nthawi muona ukudumpha kwambiri, pomwe chipinda cham'mwamba chafinya valavu ili yotseka. Mukamvetsera, kugunda koyamba kwa mtima kumamveka mokweza pena, motsika pena.

Za mayiyo ndisiyira ena, ndaitanidwa ku wodi.

Sisita wa ku HDU, wodi ya odwala kwambiri, anayankha:

A CO, akuluwo anena zoona. Ine ndiwonjezere za manja.

Agogowo agone pa bedi loyandikira tebulo la manesi, osati kumapeto kwa wodi, cannula ikhale pamkono, ndipo kuchimbudzi asapite okha. Ngati muli ndi monitor, ndi yawo. Ngati mulibe, pulse oximeter ikhale pa chala ndipo guardian mumuuze kuti akangoona agogo asiya kuyankha akuwe.

Atenolol asiye lero, inde, koma musayembekeze kuti nkhani yathera pomwepo. Atenolol amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Munthu wachikulire impso zikafooka, mankhwalawo amaunjikana, potassium naye n'kukwera, ziwirizi n'kuthandizana kutsitsa pulse. Ndiye thamangitsani creatinine ndi potassium. Potassium wokwera amatakatitsa QRS, amasongola T, amaphwatalitsa P mpaka kuzimiririka. Kwa agogo anu P zikuoneka bwino, ndiye sindikuganiza kuti ndi zimenezo, koma ndi chinthu chomwe mungachikonze pompo ndi calcium gluconate, insulin ndi dextrose, ndiye sitichidumpha. Funsaninso ana awo atulutse mankhwala onse a m'thumba, osati a m'buku la kuchipatala okha. Digoxin, propranolol, verapamil, ngakhale mankhwala a m'maso a timolol, onsewa amachedwetsa node. Ndipo funsani ngati anamvapo kuwawa pachifuwa kapena pamwamba pa mimba, ndi thukuta. Mtsempha wa kumanja wa mtima ndi womwe umadyetsa AV node mwa anthu ambiri, ndiye heart attack ya m'munsi, yooneka mu II, III ndi aVF, imatha kubwera ndi block, ndipo imeneyo kawirikawiri imatha yokha pakapita masiku.

Atropine mungayese akafooka, 0.5 mpaka 1 mg mumtsempha, kubwereza pakatha mphindi 3 mpaka 5, osapitirira 3 mg. Koma pa QRS yotakata musadabwe ikapanda kugwira, chifukwa atropine amagwira pa node, pamene vuto lili m'munsi. Chotsatira ndi adrenaline wa m'dilipu, 2 mpaka 10 micrograms pa mphindi, wina atakhala pambali.

Chinanso: 172 ijayo musaithamangitse. Mtima ukamagunda mochedwa umadzaza kwambiri n'kuponya magazi ambiri pa kugunda kumodzi, n'chifukwa chake yam'mwamba yakwera pomwe yam'munsi ili 68. Ndi njira yomwe thupi likudzisungira. Wina wa usiku akaona 172 n'kuwapatsa nifedipine kapena hydralazine, mudzawapeza m'mawa ali zina. Lembani m'faelo ndi zilembo zikuluzikulu.

Wa ku ART clinic anayankha:

Ndingoponyapo kamodzi. Onani ngati agogowo sali pa mankhwala a HIV a second line. Atazanavir ndi lopinavir amatalikitsa PR, ndipo ambiri amangokhala ndi first degree yopanda vuto, koma akaphatikizana ndi atenolol pa mtima wokalamba zimatha kupitirira. Odwala athu ena buku la ART amalisunga padera, ku NCD amapita ndi lina, ndipo pamaso pa ana awo sangatchule. Afunseni ali okha.

Registrar wa medicine anayankha:

Nditenge za mayiyo, chifukwa kwa ine ndi wachangu mofanana ndi agogowo, ndipo pali miyoyo iwiri.

Mimba yokha siingachite zimenezi. Chiberekero chikakula chimakankha mtima m'mwamba n'kuugoneka, ndiye axis, mbali yomwe uthenga wa mtima umaloza, imapendekera pang'ono kumanzere, pulse imakwera pang'ono, mu lead III mumatha kuoneka kaQ ndi T yozondoka. Wanuyu axis yapita kumanja, lead I pansi, aVF m'mwamba. Ndi mbali yosiyana ndi yomwe mimba imakankhira.

Tiyambe ndi P, chilembo chomwe ambiri timachidumpha pothamangira ST, kachigawo ka pakati pa QRS ndi T. P ndi zipinda ziwiri zophatikizana. Uthenga umayambira kumanja chifukwa sinus node ili kumeneko, ndiye theka loyamba la P ndi chipinda cha kumanja, theka lachiwiri ndi cha kumanzere. Cha kumanja chikakula, mbali yake imakwera pamwamba pa inzake, P n'kukhala yaitali yosongoka, kupitirira 2.5 mm mu lead II, koma osatakata. Imeneyo timaiona pa mapapo owonongeka ndi TB yakale, pa amayi omwe akhala zaka akuphika ndi nkhuni m'khitchini yopanda zenera, ndi pa ena a likodzo lomwe lafika m'mitsempha ya m'mapapo. Cha kumanzere chikakula, mbali yake imachedwa kutha, ndiye P imatambasuka kufika timabokosi 3 kapena kupitirira, ndipo nsonga ziwirizo zimatalikirana kuposa kabokosi kamodzi. V1 ndiyo mboni yabwino. Chipinda cha kumanzere chili kumbuyo, uthenga wopita kumeneko ukuthawa V1, ndiye theka lachiwiri limatsika pansi. Dzenjelo likakwana kabokosi kamodzi m'lifupi ndi kamodzi kuya kwake, ndi umboni wokwanira. Wanuyu ali nazo zonse ziwiri.

Kenako R ya 8 mm mu V1 yoposa S, pamodzi ndi axis ya kumanja ndi QRS yopyapyala. Onaninso V5 ndi V6, ndikukhulupirira mupezamo S yakuya. Chipinda cham'munsi cha kumanja chakhuthala. Zoona, R yaitali mu V1 ili ndi eni ake ena: RBBB, kutsekeka kwa nthambi ya kumanja kuja, koma QRS ikanatakata; WPW, pomwe uthenga umadutsa kanjira kowonjezera, koma PR ikanafupika ndipo QRS ikanayamba mopendama; posterior infarct yomwe makina asankha, koma makinawo sadziwa kuti akuyeza mtsikana wa zaka 24; ndi mwana wamng'ono, yemwe kwa iye n'zachibadwa. Musanakhulupirire chilichonse cha mu V1, onani pomwe anaimata. V1 ndi V2 zimakhala pa mpata wachinayi wa nthiti, m'mbali mwa fupa la pachifuwa. Pezani kachitunda ka pa fupalo, pomwe palumikizana nthiti yachiwiri, muwerenge kutsika. Zikamatidwa m'mwamba, monga zimachitikira kwa amayi munthu akamachita manyazi kuvula bwino, P ya mu V1 imazondoka ndipo mumaoneka ka rSr kabodza. Mubwereze nokha. Koma P yotakata ya mu lead II ndi axis sizidalira pomwe V1 yamatidwa.

Tsopano phatikizani. Cham'mwamba cha kumanzere chakula, cham'munsi cha kumanja chakhuthala, koma cham'munsi cha kumanzere chili phee. Chotchinga chili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere. Ndi mitral stenosis, kupanikizika kwa valavu ya pamenepo, ndipo kuno kwathu pa msinkhu umenewo gwero lake ndi rheumatic fever, zilonda zapakhosi za paubwana zomwe sizinalandire penicillin. Magazi akulephera kutsika pa valavu yopanikizika, akubwerera m'mapapo, ndipo mbali ya kumanja yakhala ikukankha molimbana ndi mapapo odzazawo kwa zaka. Mimba imawonjezera magazi m'thupi ndi 40 mpaka 50 pa 100 alionse, ndipo chiwonjezekocho chimakhala chafika pamwamba chakumasabata omwe mayiyu alimo. N'chifukwa chake ambiri amatulukira nthawi imeneyi, ena mimba yoyamba anadutsa nayo bwino valavu isanapanikizike kwambiri.

Mugonekeni chammbali cha kumanzere, ikani belu la stethoscope mopepuka pomwe mtima ukugunda, m'chipinda chopanda phokoso. Kugunda koyamba kumveka mokweza, ndipo kukatha kwachiwiri mumva kulindima kotsika. Pa 112 n'kovuta kumva, musagwe ulesi.

Salbutamol asiye. Valavu yopanikizika imafuna nthawi kuti magazi adutse, ndipo nthawiyo imapezeka pakati pa kugunda ndi kugunda. Pulse ikakwera nthawiyo imachepa, mapapo n'kudzaza. Ndiye muli ndi odwala awiri osemphana: agogo mukuwachotsa beta blocker, mankhwala ochedwetsa mtima, mayiyu akufunika beta blocker, koma osati atenolol, yemwe amachepetsa kukula kwa mwana m'mimba, metoprolol kapena propranolol ndiye timasankha, pamodzi ndi furosemide wapang'ono ngati mapapo anyowa. Enalapril ayi. Benzathine penicillin 1.2 million units milungu 3 kapena 4 iliyonse. Ndipo muziyang'ana pulse yake tsiku ndi tsiku, chifukwa chipinda chotambasuka chonchi chimagwa msanga mu atrial fibrillation, kugunda kosalongosoka, ndipo ikabwera amatha kumira m'madzi a m'mapapo m'maola ochepa, osanenanso za sitiroko. Akufunika echo, sikani ya mtima, ndipo akachirire ku central hospital komwe a maternity ndi a medicine angamuonere limodzi, kaya kwanuko n'kufupi ndi Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Intern wa chaka chino anafunsa:

Pepani kulowerera. Ngati 35 mm sitingaikhulupirire kwa agogowa, tiziikhulupirira liti? Sabata yatha ndinayeza mnyamata wa zaka 19 wofuna kalata ya ntchito, S ya V1 ndi R ya V5 zinakwana 44. BP 118/74, alibe dandaulo lililonse.

Registrar wa medicine anayankha:

Mnyamatayo ayenera kuti ndi woonda. Muyeso wa 35 mm anaukhazikitsa Sokolow ndi Lyon mu 1949, ndipo umayeza mphamvu yomwe yafika pa khungu, osati kukhuthala kwa mnofu. Chifuwa chopyapyala chimaifikitsa yonse. Mafuta, mabere, mapapo ofufuma ndi madzi ozungulira mtima zimaimeza. Ndiye achinyamata oonda, makamaka ife anthu akuda, timadutsa 35 mtima uli bwinobwino, pamene mayi wonenepa wa BP ya zaka zambiri amatha kukhala ndi mtima wokhuthala manambala ali pansi. Munthu asanakwane zaka 35 ine voltage yokha sindiitenga ngati nthenda.

Chomwe chimandikhutiritsa ndi anzake oyenda nawo. R ya mu aVL ikafika 11 mm. Muyeso wa Cornell, R ya aVL kuphatikiza S ya V3, kupitirira 28 mm kwa abambo kapena 20 mm kwa amayi. P yosonyeza kuti cham'mwamba cha kumanzere chakula. Axis ya kumanzere. Ndipo koposa zonse ST yotsetsereka pansi ndi T yozondoka mopendama mu I, aVL, V5 ndi V6. Pa mnyamata wanuyo, T yozondoka mu V1 mpaka V4 yotsogozedwa ndi ST yokwera mozungulira imapezeka mwa othamanga achikuda athanzi. Koma ikazondoka mu V5, V6 kapena aVL, kapena pakakhala murmur, phokoso lachilendo la mtima, kapena wachibale anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono, kalatayo idikire echo.

Ndipo muziona kabokosi koyezera kali kumayambiriro kwa mzere. Kazikhala kotalika 10 mm. Wina akasintha makina kuti akhale pa 5 kapena pa 20, manambala onse omwe tikukanganirana pano amasanduka theka kapena kuwirikiza.

CO wachinyamata anabwereranso:

Zikomo nonse. Ndasindikiza lead II yaitali, ndayendetsa kapepala, P zobisala ndazipeza mu T ziwiri ndi mu QRS imodzi. Mtsempha wa m'khosi ukudumphadi. Potassium 4.3, creatinine ili m'malire oyenera, sali pa ART, ndawafunsa ali okha. Kuwawa pachifuwa akukana. Masana anachita chizungulire atakhala tsonga, tinapereka atropine, P zinathamanga koma pulse inangokhala pa 36.

Mayi uja ndamumvetsera kuchipinda cha scanning komwe kuli zii, kulindimako kulipo. ECG yobwereza ndamata ndekha, yatuluka chimodzimodzi, ndipo S ya mu V6 ndi yakuya. Iye wavomera kupita, apongozi ake amuperekeza.

Vuto ndi agogo. Akagona akumva bwino, ndiye akuti fodya ali m'chigafa akudikira kusankhidwa, ndipo ana awo atamva zoti mwina pafunika kachipangizo koika pansi pa khungu achita mantha. Akuti munthu wa batire sakhalitsa. Ndiwauze chiyani?

Mdala wa ku medical ward anayankha:

Zomwe atropine wachitazo ndi umboni winanso: wafulumizitsa zam'mwamba, zam'munsi sizinamve. Impso zili bwino, ndiye atenolol akhala atachoka m'thupi m'masiku awiri kapena atatu. Mungabwereze ECG pamenepo, koma musadikire zimenezo kuti muimbe foni. QRS yotakata, zaka 71, kugwa kawiri: nthawi zambiri ndi mawaya okalamba omwe asanduka zipsera, ndipo atenolol wangovundukula zomwe zinalipo kale.

Ana awo musawaopseze, koma musawabisirenso. Auzeni kuti bambo awo akumva bwino chifukwa agona, ndipo kuti kugwa kuja mtima unaima n'kuyambiranso wokha. Palibe angalonjeze kuti ulendo wina udzayambiranso. Palibe piritsi lokonza zimenezi. Za batirezo, munthu woyamba kuikidwa pacemaker m'thupi anali Arne Larsson wa ku Sweden, mu 1958 ku Stockholm, ndipo nthenda yake inali yomweyi ya kugwa chifukwa cha complete block. Anakhala mpaka 2001, atasinthidwa zipangizo kambirimbiri, ndipo dokotala yemwe anamuika choyambacho, Åke Senning, ndi yemwe anachipanga, Rune Elmqvist, onse anatsogola iye akadali moyo. Fodya asankhe anawo.

Imbirani a medicine ku central hospital musananyamuke kuti akuuzeni komwe akafikire ndi zomwe zingatheke. M'kalata mulembe manambala anu aja, 18 ndi 41, tsiku ndi ola lomwe anamwa atenolol komaliza, potassium, ndi zomwe atropine anachita. Mu ambulansi mukhale nesi wokhala ndi adrenaline wokoka kale, osati guardian yekha. Ndipo ECG zonse, za agogo ndi za mayiyo, muchite fotokope lero. Pepala la makinawa limafufutika ndi kutentha, ndipo likakhala masiku angapo m'buku la kuchipatala m'thumba la malaya, a ku central amalandira pepala loyera lokhala ndi dzina lokha.